Usipa wa pamwezi: ulendo wa kalabu yathu ya zisudzo ku Nkhotakota

Tinanyamuka pa Salima Loweruka kusanache, ana 18, aphunzitsi awiri, ng'oma ziwiri ndi bwato la makatoni lomwe tinalimata ndi phala la chinangwa sabata yathunthu. Ine ndimayang'anira kalabu ya zisudzo pasukulu yathu, ndipo sukuluyo ili kumtunda, kutali ndi nyanja. Mawu amenewa muwasunge.

Anatiitana ndi aphunzitsi anzathu a ku Nkhotakota, omwe anakonza chikondwerero cha zisudzo cha ana a sekondale. Sunali mpikisano wa ATEM, uja wa Chingerezi umene anadziwikirako malemu Du Chisiza Jr asanayambitse gulu la Wakhumbata. Kuno sukulu iliyonse inali ndi ufulu wosewera m'chiyankhulo chimene yafuna, ndiye ife tinasankha Chichewa. Ndalama ya kosita tinachita kusonkherana, ndipo makolo ena anapereka mtedza woti tigulitse.

Za msewu wa M5 sindinena zambiri, amene amayendamo akudziwa. Tinadutsa pa Khombedza ana akuimba, pofika pa Benga onse anali atagona. Pa mlatho wa Chia tinaima pang'ono, ogulitsa nsomba atatiunjirira, chambo m'manja. Ana onse anatsika kupatula mnyamata wa Folomu 3 amene amasewera msodzi. Iye anatsala pampando akuloweza mawu ake, mawu amene ndinamulembera ndine.

Sewero lathu limakamba za mnyamata wosiya sukulu n'kukalowa usodzi. Mbali ziwiri zoyamba zinayenda bwino, holo ili zii. Agogo athu, ndevu za khonje ndi phulusa kumutu, anawombetsa m'manja asanayankhule n'komwe. Kenako msodzi wathu analowa m'bwato lake la makatoni, n'kuyang'ana kudenga, n'kufuula ndi mawu onse:

"Mwezi wawala mbee, anyamata! Tiyeni tikaphe usipa!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Sichinali chiseko chosekerera sewero ayi, ankaseka ife. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Pamwezi? Mukakoka madzi okhaokha!" Mnyamata wanga anauma, nkhafi ili m'mwamba. Ine kuseri kwa katani thukuta lili kamukamu, osadziwa n'komwe chomwe talakwa.

Anatipulumutsa ndi mtsikana wosewera mayi ake. Nthawi yake yolowa inali isanakwane, koma anangotulukira, manja m'chiuno: "Wamva anzako akukuseka? Ndimati bwerera kusukulu iwe, ngakhale usodziwo suudziwa!" Nthungululu zinalira. Mawu amenewo sanali m'kope langa, koma ndiwo okhawo amene oweruza anawayamikira pa sewero lonse.

Madzulo aphunzitsi tinakhala pansi kukambirana, ndipo kwa ine apa m'pamene panali phindu la ulendo. Mphunzitsi wina wa konko, mwana wa msodzi, anandikokera pambali.

"Akulu, munalembera sewero ili kuti?"

"Mu sitafu rumu," ndinatero.

"Zikuoneka."

Anandifotokozera mwaulemu ndithu. Usipa amaupha usiku ndi khoka la chilimira. Amatsogola ndi siginala, munthu wa m'bwato laling'ono lokhala ndi nyali. Kale zinali nyali za palafini, masiku ano ambiri amayatsa mababu a batire. Usipa umasonkhana pansi pa kuwalako, siginala n'kuukokera pang'onopang'ono pakamwa pa khoka, anzake n'kukoka. Tsono mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imawala, nyali zija sizikopanso kanthu, ndipo ambiri amapuma. Mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja amadziwa zimenezi. Anawonjezanso kuti msodzi wathu ankagwira nkhafi ngati akulima, komanso kuti m'sewero monse munalibe mwera, chonsecho nyengo yozizira mphepo imeneyi ndi imene imalamula kuti lero anthu alowa pamadzi kapena ayi.

Chimene chinandiluma kwambiri n'chakuti anati ndinamulakwira mnyamata wa m'sewero uja. M'sewero langa amasiya sukulu chifukwa cha ulesi ndi dyera la ndalama. Iye anati ana ambiri amene amawaona akusowa m'kalasi amakhala atachezera panyanja pofuna ndiwo za pakhomo ndi ndalama ya sukulu yomweyo. Ndinafuna kutsutsa, koma ndinalibe poyambira.

Masewero ena ndingotchulako awiri. Atsikana a sukulu ina analowa opanda katundu aliyense kupatula chitenje chimodzi chabuluu. Awiri atachigwira m'mapeto n'kumachigwedeza, chinali nyanja. Atachikulunga, chinali khanda kumsana. Pomaliza anachiyala pa mnzawo atagona chagada, holo n'kungoti chete. Ife tinavutika sabata ndi makatoni! Panalinso la Chingerezi limene ana ankathamanga nalo mawu ngati akuthawa galu, ndipo oweruza anadandaula zinthu zomwe zija za chaka chilichonse: kufulatira owonera ndi kumeza mawu.

Tinagona m'kalasi, udzudzu ukuchita nafe chikondwerero chawo. Lamlungu tinapita nawo ana kukaona mkuyu uja wa pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, komanso tchalitchi cha All Saints momwe muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Koma ana mtima unali kudooko. Tinafikako mabwato atatuluka kale, usipa uli pathandala. Msodzi wanga uja anakhala pamchenga ndi mkulu wina wosoka khoka pafupifupi ola lathunthu, kope lili pabondo. Sindinamuyandikire.

Pa masukulu 6 tinakhala achinayi. Bwato la makatoni tinalisiya konko, ana a m'mudzi anali atayamba kale kupalasa pamchenga. Titadutsa pa Chia pobwerera, mnyamata uja anabwera pampando wanga.

"Sala, mbali yachitatu ija ndilembe ndine?"

Ndinamupatsa kope langa ndi cholembera chofiira.