Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kachipangizo kokungira mtsempha wa bondo

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene anandisamutsira kuchoka ku fiyeta ya maopaleshoni a m'mimba kupita ku fiyeta ya mafupa, komanso mmene ndinazolowerera phokoso la zoboolera ndi zochekera mafupa. Tsopano ndafika pa opaleshoni imene inadzatenga mbali yaikulu ya zaka zanga za unamwino, yobwezeretsa mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL, ndipo makamaka pa kachipangizo kamodzi ka m'thireyi ya opaleshoniyo, kokungira mtsempha watsopano usanakhomeredwe m'fupa.

ACL ndi mtsempha waufupi, wa masentimita atatu kapena kupitirirapo pang'ono, umene umalumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo pakati penipeni pa bondo. Ntchito yake ndi kuletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo kapena kupotoka mopitirira muyezo. Umaduka kawirikawiri munthu akatembenuka mwadzidzidzi phazi litaponda pansi, monga zimachitikira m'masewero a mpira, ndipo ukaduka sulumikizana wokha bwinobwino, chifukwa uli m'madzi a m'bondo amene salola magazi kuundana pa bala n'kuyambitsa kupola. N'chifukwa chake madokotala amaika wina m'malo mwake. Ernest Hey Groves wa ku Bristol analemba za opaleshoni yotereyi mu 1917, pogwiritsa ntchito kachidutswa kochokera m'mbali mwa ntchafu, ndipo mu 1963 Kenneth Jones anafotokoza njira yotenga gawo lapakati la mtsempha wa kutsogolo kwa bondo. Madokotala amene ndinkagwira nawo ntchito ankakonda kutenga mitsempha iwiri ya kumbuyo kwa ntchafu, semitendinosus ndi gracilis, imene ikapindidwa pakati imapanga nthambo zinayi. Chimenecho ndicho tinkachitcha graft, ndipo kuikonza inali ntchito ya ine ndi dokotala wothandizira pa tebulo la pambali.

Dokotala akatulutsa mitsemphayo ndi tendon stripper, chomwe ndi chitsulo chachitali chokhala ndi mphete kumapeto, ankaipereka kwa ife ili ndi timinofu. Tinkaipala mosamala, kusoka nsonga zake ndi ulusi wolimba wosasungunuka, kuipinda, kenako n'kuilowetsa m'timabowo ta chitsulo choyezera, tosiyana ndi theka la milimita, kufikira titapeza kabowo komwe graft inkadutsa mothina. Nambala ya kabowoko ndiyo inkauza dokotala kukula kwa bowo loti aboole m'fupa. Ikakwana mamilimita 8 kapena kuposerapo mitima inkakhala pansi, popeza graft yowonda kuposa pamenepo imaduka msanga, makamaka kwa achinyamata obwerera ku masewero.

Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa chinthu chimene m'buku la kusukulu ndinangochiwerenga modutsa. Mtsempha ukakokedwa n'kusiyidwa choncho umatalika pang'onopang'ono, ndipo mphamvu imene unakungidwa nayo imatsika yokha, ngati chingwe chatsopano choyanikapo zovala chimene umachikunga m'mawa koma pofika madzulo n'kupeza chalendewera popanda wochikhudza. Kutalika kumeneku kukachitika graft itakhomeredwa kale, bondo limakhwefuka ngakhale opaleshoni inaoneka yabwino. Choncho tinkaimangirira pa bolodi yachitsulo yokhala ndi zokowera mbali zonse ziwiri, n'kuikoka ndi mphamvu ya mapaundi pafupifupi 20 kwa mphindi zosachepera khumi, titaikulunga ndi kansalu konyowa kuti isaume. Patapita zaka tinayamba kunyowetsa kansaluko ndi mankhwala a vancomycin, chifukwa zinaoneka kuti kutero kumachepetsa matenda olowa m'bondo. Ndinkakonda kuyang'ana kalozera wa pa bolodipo akubwerera m'mbuyo mwakachetechete pamene graft inali kutalika, ine n'kumapotokola kachitsulo kuti mphamvu ibwerere pamene inali.

Za kuboola mabowo sindichedwapo. Dokotala amayang'ana pa sikirini kudzera mu kamera yolowetsedwa m'bondo, amaloza ndi chitsulo cholondolera, amalowetsa kawaya ka mamilimita 2.4, kenako chiboolero chimadutsa pamwamba pa kawayako. Graft imakokedwa kudzera m'bowo la m'fupa la msongolo kupita m'bowo la m'fupa la ntchafu, kumene imagwidwa ndi kabatani kachitsulo kokhala kunja kwa fupa. Mbali ya kumtunda ikagwira, chotsala chimakhala kukunga mbali ya kumunsi ndi kuikhomera ndi screw.

Pamene ndinkayamba, kukungako kunkachitika ndi manja. Wothandizira ankakulunga ulusi m'zala kapena pa chopanira, n'kukoka, dokotala akupinda ndi kuwongola bondo maulendo makumi awiri kapena kuposerapo kuti graft ikhazikike ndi kutaya kutalika kotsala. Kenako dokotala ankati, "Kokani kwambiri, musafooke," n'kuyamba kulowetsa screw. Ndinaima pafupi ndi othandizira ambiri, aatali ndi aafupi, amphamvu ndi owonda, ena atangoyamba tsiku, ena atatopa ndi opaleshoni yachitatu, ndipo ndinayamba kudzifunsa kuti "kwambiri" ameneyu ndi wochuluka bwanji. Magolovesi akanyowa ulusi umaterera. Screw ikamalowa imakankhira graft m'mwamba, ndipo dzanja limene lakoka kwa mphindi zingapo limayamba kunjenjemera nthawi yomweyo imene likufunika kukhazikika. Choposa zonse, nthambo zinayi zokokedwa ndi dzanja limodzi sizikungika mofanana: ina imathina, ina imangotsatira.

Vuto lomalizali linayezedwa. Mu 1999 Hamner ndi anzake anasonyeza kuti nthambo zinayi zokungidwa mofanana zinkapirira mphamvu ya ma newton (muyezo wa mphamvu yokoka) pafupifupi 4,590 zisanaduke, pamene zokungidwa ndi manja zinkaduka pa ma newton pafupifupi 2,830. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: nthambo yothina kwambiri imasenza katundu yokha n'kuyamba kuduka zinzake zisanayambe kuthandiza. Pofanizira, ACL yachibadwa ya munthu wachinyamata inayezedwa ndi Woo ndi anzake mu 1991 kuti imaduka pa ma newton pafupifupi 2,160.

Kachipangizo kokungira katabwera m'thireyi yathu, sikanaoneke ngati chinthu chachikulu. Kanali ndi chogwirira, sipuling'i yobisika m'kati, timizere ta manambala pambali, ndi timawilo tiwiri pamene tinkakoloweka ulusi. Ulusi wa nsonga ziwiri za semitendinosus tinkaumanga pamodzi kukhala lupu imodzi, wa gracilis lupu ina, ndipo lupu iliyonse ikadutsa pa kawilo kake, nsonga zake ziwiri zinkagawana mphamvu mofanana popanda wina kulingalira. Pakati panali mpata wodutsa screwdriver, kotero kuti screw inkalowa pakati pa nthambo zinayizo mphamvu isanatsike. Mtundu wina umene ndinadzaugwiritsa ntchito pambuyo pake unkatsamira pa timisomali tiwiri tokhomeredwa m'fupa la msongolo, ndipo unkasunga mphamvu wokha ngakhale bondo likupindidwa.

Mmodzi mwa madokotala akuluakulu, munthu amene ndinkamulemekeza kwambiri ndiponso amene manja ake anakonza mabondo ochuluka, sanakakonde. Tsiku lina ndikuyala zida anandiuza kuti, "Sisita, kameneko kabwezereni m'bokosi. Dzanja langa limadziwa pamene graft yakwana." Ndinayankha kuti, "Adokotala, dzanja lanu limadziwadi, koma amene amakoka ulusi si inu, ndipo dzanja lanulo sitingalipereke kwa ophunzira anu." Anakhala chete kanthawi, kenako anaitana othandizira awiri, nawauza kuti aliyense akoke kachipangizoko monga amakokera pa wodwala, osayang'ana manambala. Woyamba anakoka pafupifupi kuwirikiza kawiri mphamvu ya mnzake, ndipo atabwereza, aliyense anasiyana ngakhale ndi kukoka kwake koyamba. Adokotalawo sananene zambiri, koma kuyambira tsiku limenelo ankafunsa okha ngati kachipangizoko kali m'thireyi.

Nambala yoyenera kukunga nayo ndi nkhani imene madokotala amasiyanabe maganizo. Mu 1997 Kazunori Yasuda ndi anzake ku Japan anayerekeza odwala amene graft yawo inakungidwa pa ma newton 20, 40 ndi 80, ndipo anapeza kuti a ma newton 80 anali ndi mabondo osakhwefuka kwambiri poyerekeza ndi a 20. Komabe kukunga mopitirira kuli ndi zoipa zake. Kafukufuku wa Yoshiya ndi anzake pa agalu mu 1987 anasonyeza kuti graft yokungidwa kwambiri sinkalowa magazi bwino ndipo inkawonongeka m'malo ena. Kwa munthu, graft yothina mopitirira imakokera fupa la msongolo m'mbuyo, imapanikiza chichereŵechereŵe cha m'bondo, ndipo ikhoza kulepheretsa mwendo kuwongoka mpaka kumapeto. Ine ndinaona madokotala abwino akusankha manambala osiyana, ndipo sindinaone vuto pamenepo, malinga aliyense ankadziwa nambala yake ndi chifukwa chake. Chimene chinkandipweteka mtima ndi kumva wodwala atabwerera bondo likugwedera, ife n'kusowa poyambira kufufuza chifukwa palibe amene akanatha kunena kuti graft yake inakungidwa motani.

Ndiyenera kunenanso kuti nambala payokha sipulumutsa bondo. Bowo likabooledwa pamalo olakwika, makamaka la m'fupa la ntchafu likakhala kutsogolo kwambiri, graft imathina bondo likapindika n'kukhwefuka likawongoka, ndipo palibe kachipangizo kangakonze zimenezo. Ndiponso mphamvu yomweyo imapereka zotsatira zosiyana malinga ndi mmene bondo lapindikira pokhomera: ena amakhomera mwendo uli wowongoka, ena utapindika madigiri 20 kapena 30, akukankhira fupa la msongolo m'mbuyo. Pa mtsempha wa PCL, umene uli kumbuyo kwa ACL ndipo umaletsa fupa la msongolo kutsetserekera m'mbuyo, zinthu zimatembenuka, pakuti bondo limapindidwa madigiri pafupifupi 90 ndipo fupa la msongolo limakokeredwa kutsogolo. Pa mtsempha wa MPFL, umene umagwira kafupa ka kutsogolo kwa bondo kuti kasathawire kumbali, mphamvu yofunika ndi yochepa kwambiri, ya ma newton awiri okha kapena pafupi ndi pamenepo, ndipo wozolowera kukoka ACL akhoza kuvulaza wodwala ngati sachenjezedwa. Namwino woyala zida amayenera kudziwa kusiyana kumeneku asanapereke chida m'dzanja la munthu.

Kusamala kachipangizoko kunagwera ine, ndipo ndinakutenga ngati udindo waukulu. Magazi ndi timafuta zikalowa mmene muli sipuling'i n'kuumira momwemo, chidacho chimayenda mokakamira ndipo nambala imene chikusonyeza imakhala yabodza. Ndinkaonetsetsa kuti chamasulidwa monga mwa malangizo a opanga, chatsukidwa ndi kaburashi, chaumitsidwa, chathiridwa mafuta ovomerezeka pa zida za opaleshoni, kenako n'kulowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, pa madigiri 134. Sipuling'i imene imatenthedwa ndi kuzizira mobwerezabwereza imatha kufooka, choncho nthawi ndi nthawi ndinkachiyesa ndi miyala ya sikelo yodziwika kulemera kwake. Kilogalamu imodzi imakoka ndi mphamvu ya ma newton 9.8, kutanthauza kuti makilogalamu 8 akapachikidwa, kalozera amayenera kuima pafupi ndi 80. Akaima patali, chidacho sichinkabwerera m'thireyi kufikira chitakonzedwa, ngakhale zimenezi zinkandidanitsa ndi ofuna kuti ntchito ifulumire.

Ndinapemphanso kuti pakhale chizolowezi chimodzi, ndipo patapita nthawi chinavomerezedwa. Screw isanalowe, wogwira kachipangizo ankatchula nambala mokweza, dokotala ankatchula madigiri a bondo, ndipo namwino wothandizira patali ndi tebulo la opaleshoni ankalemba zonsezo pamodzi ndi kukula kwa graft ndi kwa screw. Screw ikalowa, dokotala ankabwezera kamera m'bondo, kukodola graft ndi kangowe kachitsulo kuti aone kukungika kwa nthambo iliyonse, kuwongola mwendo wonse kuti atsimikize kuti graft sikukhula fupa, kenako n'kuyesa bondo ndi manja mwa njira ya Lachman, yokokera fupa la msongolo kutsogolo kuti aone ngati bondo likugwedera.

Odwala ambiri sindinkawaonanso akatuluka m'fiyeta, koma anzanga a mafizo ankandiuza za iwo. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti graft imayamba yafooka m'miyezi yoyambirira, pamene maselo ake akale akufa ndipo mitsempha ya magazi yatsopano ikulowa, isanayambe kulimba ndi kufanana ndi mtsempha wachibadwa, ndiponso kuti n'chifukwa chake wosewera mpira amauzidwa kudikira miyezi isanu ndi inayi kapena chaka asanabwerere m'bwalo. Anayamba kubwera kudzawerenga manambala amene tinkalemba aja akakumana ndi bondo lokana kuwongoka kapena logwedera, ndipo kukambirana kwathu kunafika mpaka kwa akuluakulu a chipatala, amene anandipempha kuti ndiyambe kuphunzitsa anamwino atsopano za zida za maopaleshoni a bondo. Mmene ndinayambira kuphunzitsako, ndi zimene ndinakumana nazo m'kalasi langa loyamba, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.