Mchere, zikhatho zakuda ndi mapiritsi a m'mawa

Zinayamba ndi mchere. Ndikaweruka kusukulu komwe ndimaphunzitsa kufupi ndi Chitakale, ndisanavule n'komwe nsapato, ndinkathira mchere pachikhatho n'kumanyambita ngati mbuzi. Ndiwo zilizonse zinkakhala zosakolera. Azakhali atamva za mcherewo, n'kuonanso mmene ndinawondera, sanachedwe kugamula: "Mwanawe, limeneli ndi tsempho." Anzanga kuntchito sankanena kanthu, koma maso awo ankandiuza kuti ndikayezetse magazi.

Ndinayezetsa. Kachilombo ayi, malungo ayi, shuga ayi. Koma ndikaimirira pabolodi maso ankachita mdima, miyendo lobodo. BP inali yotsika nthawi zonse, ndipo poti kwathu kuno timaopa yokwera yokha, yankho linali lomwelomwelo: muzimwa madzi ambiri, muzidya bwino. Chaka chinatha choncho.

Amene anatsegula njira ndi dokotala wina wachinyamata amene sanathamangire kulemba mankhwala. "Mayi, tatambasulani manja." Mizere ya m'zikhatho inali bii ngati yolembedwa ndi khala. Anandiyasamulitsa: nkhama ndi m'kati mwa masaya munali mawanga akuda. Chipsera changa chakalekale cha pabondo nachonso chinali chitada. Ine ndinkayesa ndi dzuwa. Kwa ife akhungu lakuda kusinthaku sikuonekera pankhope msanga, n'chifukwa chake muziyang'ana m'manja ndi m'kamwa. Magazi ataonetsa kuti michere ya m'magazi yasokonekera, sodium ndi wochepa pomwe potassium wachuluka, anandilembera kalata ya ku Queens ku Blantyre.

Kumeneko ndi komwe ndinamva koyamba za tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal, tokhala pamwamba pa impso ngati tizipewa. Tiziwaloti timapanga cortisol, homoni yogwiriziza shuga ndi BP makamaka thupi likakhala pamavuto, komanso aldosterone, yosunga mchere ndi madzi m'thupi. Mchere wanga unkangotayika ndi mkodzo. Kunyambita kuja sikunali dyera.

Cortisol amayeza m'mawa, cha m'ma 8 koloko, chifukwa ndi nthawi imene amayenera kukhala wochuluka. Musadalire minibasi ya m'bandakucha. Ine ndinakagona kwa achemwali ku Bangwe. Wanga anapezeka wochepa kwambiri. Potsimikiza anandibaya Synacthen wa mamaikulogalamu 250, amene amakhala ngati kugogoda pakhomo pa tiziwalo tija, n'kutenganso magazi patatha mphindi 30 ndi 60. Tiziwaloto sitinayankhe. Dzina linatuluka: matenda a Addison, potengera Thomas Addison, dokotala wa ku London amene anawafotokoza mu 1855.

Funso lotsala linali lakuti chawononga tiziwaloto n'chiyani. Kuno sangalumphe TB, poti simathera m'mapapo mokha, imafika ndi ku adrenal komwe. Anandijambula pachifuwa, anayeza makhololo, osapeza kanthu. Kenako magazi ena, amene ndinalipira ku labu ndipo zotsatira zake zinachedwa, anaonetsa kuti asilikali a m'thupi mwanga momwe ndi amene akuukira tiziwaloto, akulimbana ndi chinthu cha m'tiziwalomo chotchedwa 21-hydroxylase. Mdani wa m'nyumba. Anandiyezanso chithokomiro, chifukwa asilikali osokonekerawa nthawi zambiri sathera malo amodzi.

Mankhwala ake ndi ongobwezera zomwe thupi lasiya kupanga, ndipo ndi a moyo wonse. Ine ndimamwa hydrocortisone wa 10 mg ndikangodzuka, 5 mg masana, 5 mg cha m'ma 4 koloko, kutsanzira mmene thupi limachitira lokha. Ndikamwa usiku tulo sitibwera. Kuwonjezera apo fludrocortisone wa 0.1 mg m'mawa. Umenewu ndi mlingo wanga, wanu akupatsani ndi adokotala. Pasanathe sabata ziwiri ndinakwera chitunda cha kwathu osapumira, ndipo nsima inayambanso kukoma.

Apa ndipo ndinalakwitsa, ndiye mvetserani. Anandiuza momveka bwino kuti thupi la munthu wabwinobwino likadwala limawonjezera lokha cortisol, pomwe langa silingathe. Ndikatentha thupi ndiziwirikiza kawiri hydrocortisone mpaka nditachira. Ndikamasanza moti piritsi silikukhala m'mimba, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche: pamafunika jakisoni wa hydrocortisone wa 100 mg ndi dripi ya madzi amchere. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinkati aaa, ine ndachira kale.

Nyengo ya mvula itafika ndinatsegula m'mimba n'kumasanza. Piritsi la madzulo linabwerera lonse. Ndinati ndiona mawa. Pofika pakati pa usiku sindinkatha kudzutsa mutu, ndipo amuna anga akuti ndinkayankhula zosagwirizana. Anandikweza panjinga yamoto, mlamu wanga atandigwirira kumbuyo, matope ali thoo m'misewu ya m'minda ya tiyi. Chinandipulumutsa ndi kapepala kamene adokotala aja anamata patsamba loyamba la buku langa lakuchipatala, kolemba dzina la matendawa ndi jakisoni wofunika. Anamwino ataliwerenga sanayambe ndi kuyeza malungo, anayamba ndi kubaya.

Chichokereni tsiku limenelo, buku lija silichoka m'chikwama. Mapiritsi a mwezi wathunthu ndimasunga padera, chifukwa fludrocortisone sapezeka m'famase iliyonse ndipo kusiya mwadzidzidzi ndiye kuitana ngozi ija. Aliyense wofuna kundizula dzino, kundichita opaleshoni kapena kundipatsa mankhwala a TB ndimamuuza asanayambe, poti rifampicin amafulumizitsa kutha kwa hydrocortisone m'thupi. Jakisoni tili naye m'nyumba, ndipo amuna anga anaphunzira kubaya pantchafu. Ankayeserera pa lalanje, manja akunjenjemera.

Azakhali anabwera mwezi wathawu. Anandigwira dzanja, n'kuyang'anitsitsa mizere ija, imene tsopano yayamba kuyera. Za tsempho sanatchulenso. Anangondikankhira mbale ya mchere pafupi.