Tiyi wa m'mawa kuno ku Chipata

Kuzizira kwa Juni kuno ku Chipata si kwamasewera. Ine ndikangodzuka ndimakoleza mbaula, ketulo pamoto, n'kuthira masamba a Chombe amene achemwali anandigulira ku Mchinji. Mbatata yootcha pambali, manja atagwira kapu yofunda, basi tsiku layamba. Khofi ndimamukonda, koma ndikamwa madzulo tulo timathawa. Tiyi ali ndi kafeini wocheperako, mtima suthamanga.

Chimene ndasintha ndi shuga. Ndinkathira masupuni 4, pano imodzi yokha, ndipo kafungo ka masamba ndayamba kukamva bwino.

Amayi oyembekezera, chonde musamatsitsire nsima ndi tiyi. Tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'nyemba ndi m'nkhwani. Dikirani kaye padutse ola limodzi.