Mmene ndinasankhira madayi a .44 Magnum ndili patchuthi ku Mangochi

Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire ku Limpopo, ku Joni. Ndili patchuthi kumudzi, abwana anandilembera pa WhatsApp kuti madayi awo akale (zitsulo zokonzera zigoba za zipolopolo zowombedwa kale kuti zidzazidwenso) a mfuti ya m'manja ya .44 Magnum ayamba kukanda zigoba, choncho ndiwafufuzire ena, iwo alipira ndi kulandira komweko. Iwo ndiwo ali ndi laisensi pansi pa Firearms Control Act ya 2000, ndipo ndiwo amadzaza zipolopolo. Gawo langa ndi kutsuka zigoba, kuziyeza ndi kusamala zida za pabenchi. Ndinene msanga kuti zida zimenezi sizinabwere ku Malawi. Kuno kupanga kapena kusunga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu wotsekeredwa nawo.

Kumudzi netiweki imavuta, ndiye ndinkakwera kabaza n'kukakhala pa boma, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, n'kumayerekeza masetiwo pafoni.

Funso loyamba linali losavuta: kodi dayi ilowa mu puresi ya abwana, makina omwe madayi amamangidwapo? Makampani odziwika, RCBS, Lee, Hornady, Redding ndi Lyman, onse amagwiritsa ntchito mazinga ofanana a 7/8-14, kotero apa sindinachedwepo. Chimene ndinaonetsetsa ndi shell holder, kachitsulo kogwira chigoba kumatako. Lee amaika kameneka m'bokosi momwemo, RCBS amagulitsa padera. Abwana anali nako kale.

Kenako dayi yoyamba, yobwezera chigoba pa msinkhu wake ndi kutulutsa praima yakale, kachitsulo kakumatako koyatsa onga. Chigoba cha .44 Magnum ndi choongoka ngati paipi, chilibe khosi lopindika, n'chifukwa chake pali mwayi wosankha dayi yokhala ndi mphete ya carbide pakamwa pake, chitsulo cholimba kwambiri chosafuna kuti zigoba zipakidwe mafuta. Yachitsulo wamba ndi yotsika mtengo, koma chigoba chilichonse uyenera kuchipaka mafuta, ukatha uchipukutenso, ndipo kamchenga kakangolowa mkati basi zigoba zonse zimatuluka ndi mizere. Ndi zomwe zinachitikira akale aja. Ine amene ndimapukuta zigobazo sindinaganize kawiri, ndinasankha ya carbide. Hornady mphete yawo ndi ya titanium nitride, Redding ya titanium carbide, koma ntchito yake ndi imodzi.

Atsibweni anga, amene anakula akuona mfuti za gogodera, anandipeza ndikuwerenga zimenezi madzulo ena. "Mphwanga, ife tinkangothira onga, n'kutsendera, basi. Zitsulo zonsezi n'zachiyani?" Ndinawayankha kuti, "Atsibweni, mfuti imeneyi ili ndi zipolopolo zisanu ndi chimodzi m'silinda, kachigubu kake kozungulira. Chimodzi chikaphulika, zinazo zimagwedezeka nazo." Pamenepo mpamene pagona nkhani yonse yosankha madayi a revolver ya magnum.

.44 Magnum, imene makampani a Smith & Wesson ndi Remington anaitulutsa cha m'ma 1955 katswiri wa mfuti wa ku America Elmer Keith atalimbikira kwa zaka, imakankha dzanja mwamphamvu. Mfuti ikabwerera m'mbuyo, mitu ya zipolopolo zotsala m'silinda imatsalira pamalo pake, ndiye pang'onopang'ono imasololoka m'zigoba. Mutu umodzi ukangotulukira kutsogolo kwa silinda, silindayo siizunguliranso. Ife timanyamula mfutiyi potsatira nguluwe yovulala m'thengo lowirira, ndipo pamalo otere mfuti yomangika ndi ngozi pa moyo wa munthu. Mankhwala ake ndi roll crimp: milomo ya chigoba imapindidwira mkati, n'kulowa m'kangalande kozungulira mutu wa chipolopolo. Taper crimp, imene imangofinya mosapinda, ndi ya mfuti ngati 9mm, kumene chigoba chimatsamira pa milomo yake. Masitolo ena pa intaneti salemba momveka kuti seti ili ndi iti, ndiye ndinkatsegula tsamba la kampani yeniyeniyo kuti nditsimikize.

Seti wamba imakhala ndi madayi atatu, ndipo yachitatu imakhazika mutu ndi kupinda milomo nthawi imodzi. Zimatheka, koma ine sindizikonda. Pamene milomo ikutsekeka, mutu umakhala ukutsikabe, ndipo mitu ya mtovu imene abwana amagwiritsa ntchito imasendeka m'mbali. Umaona kamphete kowala ka mtovu kataunjikana pamlomo pa chigoba, kochoka ndi chikhadabo. Ndinaganiza zoti ntchito ziwirizi zisiyanitsidwe, ndiye pafunika dayi yachinayi.

Apa ndinakhalitsa. Lee Factory Crimp Die ndi yotchuka komanso yosaboola m'thumba, ndipo ili ndi mphete ya carbide yomwe imafinyanso chipolopolo chonse chikamatuluka, kuti chilowe m'silinda mosavuta. Kwa mitu yokutidwa ndi kopa ya 0.429 inchi zilibe vuto. Koma mitu ya mtovu nthawi zambiri imakhala yonenepa pang'ono, 0.430 kapena 0.431, mwadala, kuti itseke bwino mpope. Mphete ija ikhoza kuifinya. Chigoba cha brasi chimabwerera pang'ono, mtovu subwerera, ndiye mutu umasanduka wokhwefuka. Chifukwa cha ichi ndinasankha Redding Profile Crimp, imene imagwira pamwamba pa chigoba pokha. Amene amadzaza mitu ya kopa yokhayokha sindingamuletse ya Lee.

Dayi yotambasula kamwa ya chigoba, m'malo mwa yachiwiri ya m'seti, ndinatenga Lyman M, pakuti imasiya kasitepe mkati komwe mutu umakhalapo chilili usanatsikire pansi. Mutu wa mtovu ukayamba mopendekeka sumawongokanso.

Tinthu tiwiri tating'ono tinatsala. Kandodo kokankha mutu kayenera kufanana ndi mphuno yake. Mitu ya abwana ndi yaphwatalala, ya semi-wadcutter, ndipo kandodo ka mphuno yozungulira kamasiya chidindo. Kachiwiri ndi kutalika kwa zigoba: cha .44 Magnum ndi 1.285 inchi, cha .44 Special, mtundu wina wa zipolopolo wofanana nawo, ndi 1.160, ndipo seti zambiri zimagwira zonse ziwiri, kungoti dayi uikweze kapena uike kamphete kapansi pake. 

Ndinatumiza mndandanda: seti ya carbide ya RCBS, Lyman M, ndi Redding Profile Crimp. Abwana anadandaula kuti ndawasankhira madayi asanu m'malo mwa atatu, ndinawafotokozera za mtovu wosendeka uja, anavomera. Ndinawapemphanso kuti asayambe kudzaza ndisanafike, chifukwa zigoba zawo ndi za makampani osiyanasiyana ndipo sizifanana kutalika. Roll crimp imadalira kutalika kwa chigoba: chachifupi chimatuluka chosapindika, chachitali chimakwinyika. Ntchito yanga yoyamba ndikabwerera ndi kuziyeza chimodzichimodzi ndi kalipa, chida choyezera kutalika, n'kuzidula zonse zikhale msinkhu umodzi.