Nditakhoza mayeso: mmene ndinasankhira njinga yamoto yanga yoyamba

Laisensi imangochitira umboni kuti tsiku la mayeso munayendetsa bwino njinga yomwe munaphunzirira, pamsewu womwe anakusankhirani, woyesa akukuyang'anani. Koma njinga yomwe mungaikwanitse mawa m'mawa muli nokhanokha, laisensi siitchula. Funso limeneli linandipeza nditangokhoza, ndipo aliyense wondidziwa anali ndi yankho lake. Ena ankati ndigule yaikulu nthawi yomweyo, poti yaing'ono ndidzatopa nayo mwezi usanathe. Ena ankati ndisayerekeze kupitirira 125cc. Onsewa ankalankhula za kukula kwa injini, ndipo ndinazindikira pang'onopang'ono kuti nkhani yeniyeni ili kwina.

Ndisanayang'ane njinga iliyonse, ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti ndiziyenda nayo kuti. Ndinasiya kaye maulendo a m'maloto, odutsa mapiri ndi malire a mayiko, n'kuwerengera oona: kupita kuntchito tsiku lililonse m'misewu yodzaza magalimoto, ndi ulendo wotalikirapo pamsewu waukulu nthawi ndi nthawi. Za msewu waukuluzi n'zimene zinachotsa 125cc pamndandanda wanga. Njinga ya 125cc ndi yabwino kwambiri m'tauni, siimwa mafuta ambiri, ndipo munthu amaphunzirirapo zambiri. Koma mphamvu yake imathera cha pa makilomita 100 pa ola, pomwe magalimoto ena akungoyamba kuthamanga, ndiye ukafuna kupitirira lole ulibe chotsala m'dzanja. Amene maulendo ake onse ndi a m'tauni asaiderere ayi. Kwa ine inali yoperewera.

Kenako ndinaphunzira kusakhulupirira nambala ya cc. Nambalayi imangonena kukula kwa malo omwe mapisitoni amasesa m'kati mwa injini, osati ukali wa njingayo. Royal Enfield Classic 350 ili ndi 349cc koma mphamvu yake, yomwe imayezedwa m'mahatchi (horsepower), ndi ya mahatchi 20 okha. Yamaha MT-03 ili ndi 321cc, yocheperapo, koma mahatchi ake ndi pafupifupi 42. Ndiye pali Yamaha R6, ya 599cc, yomwe munthu angaganize kuti ndi yapakatikati, chonsecho imapitirira mahatchi 110 ndipo inapangidwa ndi maganizo a mpikisano. Munthu akakuuzani kuti "600 si yaikulu", mufunseni kuti 600 yake iti.

Pofuna malire oti ndigwirepo, ndinabwereka lamulo la ku Ulaya. Kumeneko laisensi za njinga zimakwera m'magawo: A1 imalola 125cc yosapitirira 11 kW (kW ndi muyeso wina wa mphamvu ya injini), A2 imalola mpaka 35 kW, omwe ndi mahatchi pafupifupi 47, kenako pamabwera A yopanda malire. Kaya lamulo la komwe muli likukakamizani kapena ayi, malire a A2 ndi anzeru kwa woyamba kumene. Chifukwa chake ndi dzanja lamanja. Woyamba kumene sanakhazikike dzanja. Akagunda kabampu kapena akadzidzimuka, amapotokola moto mosafuna. Panjinga ya mahatchi 40 zikatere njinga imangolumpha pang'ono, iye n'kubweza. Ya mahatchi 110 imakhala itamufikitsa kale pomwe sanafune kufika asanaganize n'komwe zobweza. Opanga njinga amalidziwa gulu la A2 limeneli, n'chifukwa chake Honda CB500F, ya 471cc, anaipangira dala kuti ithere pa 35 kW.

Pamenepa ndinatsala ndi njinga zochepa, ndipo ndinasiya kuwerenga n'kupita kukazikhalira. Apa ndi pomwe ndikufuna mukhalitse, chifukwa ndi pomwe chisankho changa chinapangikira.

Njinga ikamathamanga imadziimika yokha, ndipo kulemera kwake sikumveka. Kumamveka ikamayenda ngati munthu wapansi kapena ikaima: pokhota mothina kuti mubwerere komwe mwachokera, poima pamalo otsetsereka, poibweza chambuyo ndi mapazi, phazi likaponda mchenga kapena dontho la oyilo. Oyamba kumene ambiri amagwetsa njinga m'malo oterewa, osati pa liwiro. Choncho kwa wogulitsa aliyense ndinkapempha zinthu zomwe ena ankadabwa nazo. Ndinkaikhalira, n'kuichotsa pasitandi, n'kuipendeketsa pang'ono kumanzere ndi kumanja kuti ndimve pomwe imayamba kundigonjetsa mwendo. Kenako ndinkatsika, n'kuikankha ndili pambali pake, kutsogolo ndi kumbuyo, handulo itapindidwa mpaka kumapeto. CB500F, yomwe imalemera makilogalamu pafupifupi 190, ndinaikonda ndili pamwamba pake, koma poikankha chambuyo ndinamva kuti itayamba kugwera mbali yomwe sindili, sindingaibweze. Classic 350 ndi yofatsa injini, koma imalemera cha m'ma 195. Honda CB300R, ya makilogalamu pafupifupi 144, inali yopepuka moti ndinkaiyendetsa ndi manja mosaganizira n'komwe. MT-03 inali pakati, cha pa 168.

Kutalika kwa mpando nako kuli ndi chinsinsi chake. Papepala amalemba mamilimita: MT-03 ndi 780, CB300R ndi pafupifupi 800, Honda Rebel 500 ndi 690 yokha. Koma nambalayi siinena za kutambalala kwa mpando. Mpando wotambalala umatangadza miyendo, ndiye mapazi amafika pansi movutikira ngakhale uli wotsika, pomwe wopyapyala kutsogolo umalola miyendo kutsika molunjika. Ndinkayesa nditavala nsapato zomwe ndizikwerera. Sindinkafuna kuti zidendene zonse ziwiri zigunde pansi, zomwe si aliyense angazipeze. Ndinkafuna kuti phazi lamanzere liponde lonse mwamphamvu, lamanja lili pabuleki yakumbuyo, ine osasendera kumbali kwa mpando. Ndinkakhalanso pampandopo kwa kanthawi, manja ali pahandulo, kuti ndimve ngati mikono ikunyamula thupi. Njinga zooneka ngati zampikisano, za handulo yotsika, zimakuweramitsa. Kulemera kumapita m'mikono, khosi limatopa, ndipo kucheuka kumavuta. Woyamba kumene amafunika kukhala chowongoka kuti aziona patali ndi m'mbali. Komanso mapulasitiki ophimba njinga zimenezi amasweka njinga ikangogona pansi kamodzi, pomwe yopanda zophimba imangokalika kumapeto kwa handulo.

Chinthu chimodzi sindinalole kukambirana: ABS, chipangizo choletsa tayala kumangika pogwira buleki. Panjinga yamoto buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu yoimitsa, koma ndi yomweyonso imagwetsa munthu. Galimoto ikatulukira mwadzidzidzi, dzanja losazolowera limafinya buleki yonse kamodzin'kamodzi, tayala lakutsogolo limasiya kuzungulira, ndipo tayala losazungulira silingaimike njinga. ABS imamva kuti tayala latsala pang'ono kumangika, n'kumasula ndi kugwiranso buleki kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ku Ulaya, kuyambira 2016, mitundu yatsopano ya njinga zopitirira 125cc imayenera kukhala nayo. Pogula yakale muzionetsetsa nokha, musangomva za wogulitsa: pakati pa tayala lakutsogolo, pafupi ndi disiki ya buleki, pamakhala kamkombero kokhala ndi timipata tambiri, ndipo mukayatsa kiyi nyali yolembedwa ABS imayaka n'kuzima njinga ikayamba kuyenda.

Ndinasankha MT-03, ndipo ndinasankha kugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Yatsopano ili ndi ubwino wake, makamaka chitsimikizo cha kampani, koma imatsika mtengo ikangotuluka pakhomo la sitolo, ndipo kukalika koyamba kumapweteka mtima kwambiri. Njinga za gulu limeneli zimagulidwa ndi oyamba kumene chaka chilichonse, ndiye ukadzafuna kuigulitsa wogula sasowa. Ndisanatchule ndalama zomwe ndingapereke panjinga, ndinachotsapo kaye za inshuwalansi, za loko, ndi za zovala: helemeti yophimba nkhope yonse, jekete yokhala ndi zotetezera m'zigongono, m'mapewa ndi kumsana, magolovesi, thalauzi lolimba ndi nsapato zophimba akakolo. Helemeti yokha ndinagula yatsopano, yokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.06, chosonyeza kuti inakhoza mayeso a chitetezo a ku Ulaya. Yakale simungadziwe ngati inagwapo, poti chomwe chimateteza mutu ndi chofewa cha m'kati chija, ndipo chikaphwanyika kamodzi sichibwerera ngakhale kunja kukuwala. Zotsala pamenepo ndizo zinali ndalama za njinga.

Pokaona njinga ndinkapita masana, ndi mnzanga amene wakhala akukwera kwa zaka zambiri, ndipo ndinkauziratu mwini wake kuti asailize ndisanafike. Injini yozizira siibisa matenda. Njinga ina yomwe tinakaona, mnzangayo anangoyandikiza dzanja pa injini n'kundiyang'ana: inali yofunda. Kenako anagwada n'kuyendetsa chala pa foloko yakumanzere, chala n'kubwerako chonyowa ndi oyilo, kutanthauza kuti labala yotsekera oyilo yatha. Kunsonga kwa chogwirira buleki kunali kosalala kodyeka, popondera phazi lamanja panali pokalika, ekizozi nayo inali ndi mizere yaitali yolowera mbali imodzi. Kukalika kwa njinga yomwe inangogona pansi itaima kumakhala kwa timadontho. Mizere yaitali imasonyeza kuti inakhwekhwereka pamsewu ikuthamanga. Mwini wake anati sinagwepo. Tinathokoza n'kuchoka. Foloko ikanakonzeka mosavuta, koma sitikanakhulupiriranso china chilichonse chomwe akanatiuza.

Yomwe ndinagula inali ndi kokalika kamodzi kumapeto kwa handulo, ndipo mwini wake anatilozera yekha tisanakaone. Tinaifufuza mwadongosolo lomwelo. Tcheni chinali chopaka mafuta, chosachita dzimbiri, ndipo titazungulitsa tayala panalibe pomwe chinkauma kapena kulendewera kuposa pena. Mano a giya yakumbuyo yomwe tcheni chimakolapo anali ofanana mbali zonse. Akatha amasongoka n'kupindikira mbali imodzi ngati minga. Pamatayala tinayang'ana mapanga ake komanso zaka. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT, pamakhala manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, mwakuti 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lokalamba limauma n'kusiya kugwira msewu ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Tinatukula kutsogolo pang'ono n'kutembenuza handulo mbali ndi mbali, kumvetsera ngati ikukodwa pakati, chomwe ndi chizindikiro cha mabering'i otha. Oyilo tinamuona pakagalasi ka m'mbali mwa injini njinga itaimikidwa chowongoka. Kenako analiza injini yozizira, inalira nthawi yomweyo, osatulutsa utsi wabuluu, n'kukhazikika.

Mapepala ndinawatenga ngati mbali ya njingayo. Nambala ya fulemu, ya zilembo ndi manambala 17, imadindidwa pakhosi pa njinga, pomwe foloko imalumikizana ndi fulemu. Ndinaiwerenga chimodzichimodzi poyerekeza ndi ya pachikalata cha umwini, ndi kuona kuti pamalopo sipanapalidwe kapena kupentedwanso. Ndinaonetsetsa kuti dzina la pachikalata ndi la munthu amene akundigulitsayo, ndinafunsa ngati njingayo ilibe ngongole, ndipo ndinapempha malisiti a kugalaja. Makilomita ambiri okhala ndi malisiti sankandiopsa. Ndinkakayikira kwambiri njinga ya makilomita ochepa yopanda pepala lililonse.

Poiyesa pamsewu sindinafune kudziwa liwiro lake. Ndinafuna kumva pomwe kilatchi imagwirira, ngati magiya onse akulowa osadumpha, ngati njinga ikuyenda molunjika ndikapeputsa manja, ndi ngati buleki ikugwira mosanjenjemera. Ogulitsa ena salola kuti woyamba kumene ayese njinga yawo, ndipo sindiwaimba mlandu. Zikatero mnzanu wodziwa ayese m'malo mwanu inu mukuonerera. Tinalemberana kalata yogulitsirana yokhala ndi tsiku, nambala ya fulemu ndi makilomita, ndipo inshuwalansi ndinaiyambitsa ndisanaichotse pakhomopo.

Ntchito yosankha sinathere pogula. Ndinaipititsa kwa makaniko kuti asinthe oyilo, fyuluta ndi madzi a buleki, kuti ndidziwe poyambira kuwerenga. Tinamangiranso tizitsulo totetezera injini m'mbali. Kenako ndinapita nayo pabwalo lopanda magalimoto kukabwereza zonse za kusukulu, chifukwa njinga iliyonse ili ndi kilatchi yake, kukhota kwake ndi buleki yake. Ndinazungulira mothina mbali zonse ziwiri, maso ali komwe ndikupita, phazi likukhudza buleki yakumbuyo pang'ono. Ndinayeserera kuima mwadzidzidzi, kuyambira pa liwiro lochepa n'kumakweza, mpaka ABS inagwira. Chogwirira buleki chimagunda m'zala ngati chinachake chathyoka, ndipo amene sanazimvepo amachita mantha n'kusiya buleki pa nthawi yomwe amayenera kufinyabe. Kunjenjemera kumeneku muyambe mwakumva pabwalo loterolo, mobwerezabwereza, mpaka zala zitazolowera kusatayirira.