Masikono athu a ku Bangwe ndi malipiro a anthu asanu ndi mmodzi

Uvuni wathu tinaumanga ndi njerwa zootcha kuseri kwa nyumba ya lendi ku Bangwe m'chaka cha 2017. Mpamba unali ndalama zimene ndinakongola ku banki m'khonde, kuwonjezerapo kangachepe kamene abambo a ana anasunga pa nthawi imene ankagwira ntchito ya ulonda ku Limbe. Tinkakanda fulawa usiku, m'bandakucha ndinkasenza beseni la masikono kukasiya m'maokala ndi kwa amayi ogulitsa tiyi pa siteji. Zinayenda. Pofika 2021 tinali ndi antchito asanu ndi mmodzi: awiri okanda, awiri a pa moto, ndi anyamata awiri operekera katundu pa njinga.

Mu Januwale chaka chimenecho boma linakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa K35,000 kufika pa K50,000 pamwezi. Ife sizinatigwedeze chifukwa tinkalipira K60,000 aliyense. Ntchito ya pa uvuni ndi yowawa. Munthu amadzuka 2 koloko usiku, amakhala pa moto mpaka dzuwa litakwera, ndipo mu Okutobala malaya amachita kufinyidwa thukuta. Tinkaona kuti K10,000 yapamwambayo ndi yoyenera.

Kenako zinthu zinayamba kuthawa. Tirigu wambiri amene timadya kuno amachokera kunja, choncho nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa fulawa unadumpha. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola misewu muno mu Blantyre, ndipo masiku angapo njinga zathu sizinatuluke. Tisanapume, mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi nkufika pa K1,700. Ukapita kukaoda lero, mawa ukabwerera umapeza mtengo wa fulawa, shuga ndi mafuta ophikira ndi wina.

Nthawi yonseyi malipiro ochepetsetsa anangoima pa K50,000, zaka zitatu zathunthu. Ine mavuto a antchito anga ndinkawawerengera m'kope la ngongole. Kale munthu ankabwera cha pa 20 kudzapempha kuti ndimudulireko ya pakati pa mwezi. Kenako anayamba kubwera pa 12, kenako pa 8. Tsiku lina mayi wina wokanda fulawa, amene wakhala nafe kuyambira pachiyambi, anafika maso ali ofiira. Nditamufunsa anati, "Amayi, ndinatenga katapila kuti ndilipire lendi, ndiye andilanda matiresi." Mayi ameneyu amagwira ntchito usiku uliwonse kupatula Loweruka, koma ana ake ankagona pa mphasa chifukwa cha ngongole ya nyumba ya chipinda chimodzi. Tinakaombola matiresiwo tsiku lomwelo, komabe mtima wanga sunakhale pansi.

Mu Febuluwale 2024 malipiro ochepetsetsa anakwera kufika pa K90,000. Usiku umene tinamva nkhaniyi pa wailesi tinakhala pa tebulo ndi abambo a ana, kope lili pakati. K30,000 yowonjezera kwa anthu asanu ndi mmodzi ndi K180,000 mwezi uliwonse. Lamulo la penshoni limati bwana aike 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndiye pamenepo panabweranso K18,000 ina. Phindu lathu la mwezi pa nthawiyo silinkafika n'komwe pa ndalama imeneyo.

Abambo anati, "Mayi a ana, tichotse awiri, otsalawo tiziwalipira ngati aganyu tsiku ndi tsiku." Sanali kulankhula mwankhanza. Anzathu ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono anachita zomwezo, ndipo ena mpaka lero amalipira ndalama yosafika pa ya lamulo chifukwa amadziwa kuti munthu wosowa ntchito sakadandaula kulikonse. Ndinangowafunsa kuti akumbukire zaka zimene ankalondera sitolo ya eni ake usiku wonse, malipiro nkumatha sabata yachiwiri, ine nkumaphika phala lopanda shuga. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatenga cholembera nkuyamba kuwerengera njira zina.

Mwana wathu wamkazi, amene amakonda masamu, ndi amene anationetsa chinthu chimene ndimachinenabe kwa aliyense wondiuza kuti antchito anapatsidwa zambiri. Kumayambiriro kwa 2021 K50,000 inali pafupifupi madola 65. Mu 2024 K90,000 inali madola 52 kapena 53 basi pa mtengo wa ku banki. Pa pepala malipiro anakwera ndi 80 peresenti, koma m'dziko limene mafuta a galimoto, feteleza ndi tirigu zimagulidwa ndi dola, munthuyo anali atabwerera m'mbuyo. Ndalamayo inangobwera kudzatseka dzenje limene linakumbika kale, ndipo silinatsekeke lonse.

Choyamba chimene tinachita ndi kukweza mtengo wa sikono, ndipo apa ndi pamene panandipweteka. Makasitomala athu ndi alonda ochokera ku ntchito m'mawa, a kabaza, ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Malipiro ochepetsetsa a atsikanawa chaka chimenecho anaikidwa pa K52,000 yokha. Munthu amene ankagula masikono anayi a ana anayamba kugula awiri nkumawanyema pakati. Ndalama imene ndinawonjezera kwa wantchito wanga ndinkaitenga m'thumba la wantchito wa munthu wina.

Zimene zinatipulumutsa ndi zina. Tinagwirizana ndi ophika anzathu atatu kuti tizisonkha ndalama nkukaoda fulawa pamodzi ku Limbe, galimoto imodzi, mtengo wa pikulitsa. Tinasiya makeke a maukwati chifukwa ankadya mazira ndi majarini ambiri pamene maoda ake anali apatalipatali. Chachikulu kwambiri, tinayamba kusakaniza mbatata ya kholowa yofiira m'kati. Timaigula kwa alimi a ku Bvumbwe, timaiphika, kuisinja bwinobwino nkuikandira limodzi ndi fulawa. Imachepetsa fulawa, imachepetsanso shuga chifukwa ndi yotsekemera kale, ndipo sikono limatuluka lofewa, lachikasu. Masabata oyamba tinataya zambiri, zina zinkakana kufufuma, zina zinkapsa kunja m'kati muli mwamadzi. Mnyamata wathu wa pa moto ndi amene anatulukira kuti makala ayenera kuchepa ndipo nthawi italikeko pang'ono. Akanakhala mmodzi wa ochotsedwa aja, sindikudziwa kuti tikanaphunzira liti.

Tinayambanso kugula chimanga nthawi yokolola nkumawapatsa antchito pa mtengo womwe tagulira, kumadula pang'onopang'ono pa malipiro. Chaka cha 2024 kunali ng'amba ya El Niño, ndipo kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 linayandikira K100,000 m'misika ina ya kuno kumwera. Malipiro a mwezi wathunthu ankathera pa thumba limodzi. Antchito anga anadya nsima mpaka kukolola, ndipo mpaka lero amanena za chimanga chija kuposa za ndalama imene inawonjezedwa.

Mu 2025 malipiro ochepetsetsa anakweranso kufika pa K126,000. Bungwe la antchito la MCTU limafuna zoposa pamenepo, la olemba ntchito la ECAM limadandaula za kulemera kwa katunduyo, ndipo a bungwe la Centre for Social Concern akawerengetsa zofunika pa banja la m'tauni amapeza ndalama yoposa malipirowa kangapo. Ine ndili pakati pa onsewa ndipo ndikuti malipiro azikwera, chifukwa ndaona ndi maso anga chimene chimachitika akaima. Pempho langa ndi lakuti azikwera chaka ndi chaka, motsatira mitengo ya chimanga, lendi ndi minibasi, ndipo tiziuzidwa miyezi ingapo isanafike nthawi. Kudikira zaka zitatu kenako nkukweza kamodzin'kamodzi kumazunza wantchito zaka zitatuzo, kenako kumagwetsa bizinesi yaing'ono m'mwezi umodzi.

Antchito athu akadali asanu ndi mmodzi, omwe aja, ndipo tikulipira ya lamulo pamodzi ndi penshoni. Njerwa za uvuni wachiwiri tinaumba mu 2023 ndipo zikadali mulu kuseri kwa nyumba, titaziphimba ndi pepala la pulasitiki. Tagwirizana ndi abambo a ana kuti mbatata ikachuluka pa msika mvula ikatha, tiitane mmisiri adzayambe maziko.