Ndinagula mbuzi ku Michigan

Ine ndinakulira mumsika. Ndagulitsapo kaunjika ku Limbe, ndagulitsapo mafoni padepoti, ndipo mpaka chaka chathachi ndinkalumbira pamaso pa aliyense kuti munthu woti andipusitse pa malonda sanabadwe. Amene anandithetsa matamawa ndi mdala wina wa ovolosi wa kumidzi ya ku Michigan, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti mdalayo sananame ngakhale liwu limodzi.

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe Amalawi tilipo ochuluka moti pamaliro kapena pachinkhoswe nsima sisowa. Monga anzanga ambiri, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a usiku. Mwa anthu amene ndimawasamalira muli agogo ena amene amaiwala dzina la mwana wawo, amaiwala kuti adya kale, koma galimoto yomwe anagula mu 1968 amaikumbuka mpaka fungo la mipando. Inali Pontiac GTO. Usiku uliwonse ndikamawasintha zofunda, sukulu inkayamba. Ankati GTO inabadwa mu 1964, pamene John DeLorean ndi anzake a ku kampani ya Pontiac anatenga Tempest, galimoto wamba yopitira kutchalitchi, n'kuipachika injini ya chigalimoto chachikulu. Ankati ya 1968 inali ndi masilinda 8, malita 6.6, ndi bampala yakutsogolo yonga mphira yoti ungaimenye ndi hamala osapindika. Kuno magalimoto oterewa amati muscle car, tinene kuti magalimoto adzitho, ndipo GTO ili ndi dzina lake loisereula: Goat. Mbuzi.

Poyamba ndinkangovomera kuti agogowo agone. Chinandisokoneza mutu ndi ulendo wa mu Meyi, pamene ndinapita ku Indianapolis kukaonerera okushoni ya magalimoto ya Mecum. Woitanira mitengo amabwebweta ndendende ngati wa fodya ku Kanengo, kusiyana kwake n'kwakuti kuno sindinaone mlimi akulira pakona. Magalimoto amsinkhu wa amayi anga, ma Charger, ma Chevelle, ma GTO omwewo, ankapita pa ndalama zoti kumudzi ungamange mdadada wa nyumba za lendi. Kampani ya Pontiac inatsekedwa mu 2010, ndiye palibe yatsopano ikubwera. Mtima wa uvenda uja unadzuka. Ndinati apa pali geni: pikula motchipa, tsuka, gulitsa.

Ndalama ndinali nazo, kungoti zinali ndi ntchito kale. Chipereganyu chathu chinandigwera mu Julaye, madola 12,000, ndipo onsewo anali a denga la nyumba yathu ku Machinjiri, imene zipupa zake zinali zitanyowa kale dzinja ziwiri. Mayi a kunyumba anali atasankha ndi mtundu wa malata omwe.

Ndiye usiku wina kuntchito, ndikuseweretsa foni, ndinaiona. Yofiira ngati phwetekere wa pa Jenda. Malondawo analemba kuti "1968 GTO tribute", yakhala m'nkhokwe zaka zambiri, mtengo madola 14,000. Liwu lakuti tribute ndinkalidziwa bwino, si lija amanena pamaliro a munthu wamkulu akamamutamanda? Ndinati eya, ngakhale mwini wake akuipatsa ulemu.

Alamu anga, amene amayendetsa thiraki ndipo salankhula zambiri, ndiwo anandiperekeza. Tili m'njira anati, "Alamu, bwanji tikanapeza kaye makaniko wodziwa zakalezi akationere?" Ndinawafunsa ngati anayamba andionapo ndikulemba ganyu munthu woti akandisankhire jekete pa belo. Anangokweza wailesi.

Mdalayo anatsegula chitseko cha nkhokwe, ndipo ine mawondo anagwedezeka, koma nkhope ndinaiumitsa monga mwa ntchito. Ndinaponda matayala. Ndinapukusa mutu. Ndinatsegula boneti n'kuyang'ana injini nthawi yaitali, ndikung'ung'udza, ngakhale kuti chomwe ndinazindikira m'menemo ndi batire yokha. Kenako ndinachita ija ya ku Limbe, yotembenuka n'kumapita ngati zakunyansa. Ndisanafike n'komwe pageti, mdala uja anati 12,500. Ndinayendanso mapazi atatu, anati 11,500. Munthu wanzeru akanadabwa kuti mbuzi yonenepa chonchi ikutsika mtengo msanga bwanji. Ine ndinatsinzinira alamu diso, kuwauza m'Chichewa kuti azungu kunenerera sadziwa.

Kuiliza kwake, mdalayo anandiphunzitsa: uponde mafuta kawiri, udikire, kenako upotokole kiyi. Itangolira, nkhunda zonse za padenga zinathawa. Gudu gudu gudu, chiwongolero chikunjenjemera, chifuwa changa chikunjenjemera nawo. Pamenepo ngakhale malata ndinawaiwala mtundu wake.

Manyazi oyamba anandipeza pothira mafuta. Ndinaima bwinobwino, anthu akundijambula, ndinatuluka monyang'wa, n'kupita kumanzere: palibe pothirira. Kumanja: palibe. Ndinaizungulira galimotoyo kanayi paipi ili m'manja ngati ndikufuna kuimanga chingwe. Mayi wina wachikulire wa ndodo anatsika m'galimoto yake, anabwera kumbuyo kwa yanga, n'kugwetsa nambala puleti ndi chala chimodzi. Chitsekerero chinali kuseri kwake. Sanalankhule kanthu, anangondisisita paphewa. Za kamwedwe kake ka petulo ndisanene zambiri. Lita imodzi inkatha pa makilomita anayi, ndipo muvi wa geji unkatsika ine ndikuuona.

Kunja kutayamba kuda ndinayatsa magetsi. Magalimoto ena a mtunduwu nyali zake zimabisala kuseri kwa tizitseko timene timatseguka ndi mpweya wokokedwa ndi injini. Yanga inatsegula diso limodzi, linalo n'kungosuzumira pang'ono ngati munthu woledzera amene akukana kuti waledzera. Alamu, amene anali patsogolo, anandiimbira foni kuti ndikuwathobwa m'maso. Ndinasakasaka pozimitsira nyali zazikulu pachiwongolero ponse, osapapeza. Kenako zinayamba kuyaka ndi kuzima zokha. Ndinayamba kupemphera. Patapita nthawi ndi pamene ndinazindikira kuti batani lake lili pansi, ndipo phazi langa lamanzere, posowa chochita, ndi lomwe linkalidinda motsatira nyimbo yomwe ndinkaimba.

Kenako kunagwa mvula, galasi linachita nkhungu, ndipo ndinakankha kachitsulo ka hita.

Abale anga, galimoto imene yagona m'nkhokwe ya chimanga zaka zambiri imakhala ndi eni ake. M'mabowo a mpweya munatuluka chimphepo cha udzu, thonje la m'mipando, makoko a chimanga ndi timanyi takuda, zonse kumaso kwanga. Ndisanalavule, ndinamva kanthu kofunda kakukwera mwendo wakumanja, mkati mwa thalauza. Kwathu ndi ku Ntcheu. Mbewa ndazikumba, ndaziwamba, ndazidya ndi mutu womwe. Koma mbewa ya pa mpani ndi ina, mbewa yamoyo imene yadutsa bondo ikulowera kumtunda, iwe uli pa liwiro la makilomita 90, ndi inanso. Ndinakuwa dzina la amayi anga. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mabuleki akale aja, m'malo moima, anayamba aganiza kaye, kenako anasankha okha kolowera. Mbuzi inakhotera kumanja, inadumpha kangalande, n'kukaima m'mizere ya chimanga cha eni ake, diso limodzi likuwalabe.

Alamu atabwerera anandipeza ndaima pamvula, thalauza lili m'manja, ndikulikutumula. Munthu wosalankhula uja anaseka mpaka anakhala pansi m'matope. Anatikoka ndi mlimi wina wa thirakitala, yemwe anakana ndalama, akuti zomwe waona zakwana.

Tinafika kunyumba cha m'ma 11 usiku, ndipo phokoso la ekizozi linadzutsa mdadada wonse. Mayi a kunyumba anatuluka atamanga chitenje pamwamba pa jekete.

"Bambo a mwana, chimenechi n'chiyani?"

"Ndi malata athu aja, mayi. Angosintha kaye maonekedwe kwa miyezi iwiri."

Anaiyang'ana galimotoyo, anayang'ana matope a m'miyendo mwanga, n'kulowa m'nyumba. Chitseko anatseka pang'onopang'ono, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kumeneko n'koopsa kuposa kumenyetsa.

Ndinaitsuka sabata yathunthu, ndinatchera misampha isanu n'kugwira mbewa zisanu ndi ziwiri. Loweruka m'mawa ndinapita nayo pamalo ena oimika magalimoto pomwe madala a magalimoto akale amasonkhana, atakhala pa timipando topinda, khofi ali m'manja. Ndinamata pepala pagalasi: madola 30,000. Ndinavalanso magalasi akuda.

Anabwera bambo wina wamfupi, wa ndevu zoyera, tochi ili m'thumba la malaya. Sanayang'ane penti, sanayang'ane zilembo za GTO zomwe ndinazipukuta ndi mswachi. Anangowerama pagalasi lakutsogolo, mbali ya dalaivala, n'kuunika kachitsulo kakang'ono ka manambala komwe ine ndinali ndisanakaone n'komwe.

"237," anatero. "LeMans yabwino ndithu."

Ndinamukonza mwaulemu kuti ndi GTO. Anandifotokozera modekha, ngati dokotala wopereka zotsatira zoipa, kuti GTO yeniyeni ya chaka chimenecho nambala yake imayamba ndi 242. Ikayamba ndi 237 ndi LeMans, mng'ono wake wotchipa. Thupi ndi limodzi, ndiye munthu amangogula boneti, mphuno ndi zilembo za GTO n'kuiveka. Yovekedwa choncho ndi imene amaitcha tribute. Ndinamva kutentha m'makutu.

Sanathere pomwepo. Anatulutsa kamaginito kokulunga m'kansalu n'kuyamba kukagunditsa m'mbali. Pachitseko kanamata. Kuseri kwa tayala lakumbuyo kanagwa pansi. Anakatola, anayesa mbali inayo, kanagwanso. Pamenepo panalibe chitsulo, linali phala la okhoma magalimoto lokhalokha, lopakidwa penti yofiira. Kuno nthawi ya chipale amathira mchere m'misewu, ndipo mcherewo umadya magalimoto kuyambira pansi. Anandipempha kuti ndinyamule kapeti ya kumbuyo. Pansi pake panali chikwangwani cha pamsewu chokhomedwa ndi marivheti, ndipo m'mphepete mwake ndinkaona phula la pamalo oimikapo magalimotowo. Chikomekome cha mkuyu.

Ndinati chabwino, nanga injini? Apa n'kuti madala asanu ndi mmodzi atandizungulira, aliyense ndi tochi yake. Anawerenga zilembo zodindidwa kutsogolo kwa injiniyo n'kugwirizana kuti ndi ya malita 5.8. Anandipepesa kuti injini za Pontiac zazikulu ndi zazing'ono kunja zimaoneka chimodzimodzi, ndiye ndisadzidandaule kwambiri. Wina anati mu 1968 anapanga ma GTO opitirira 87,000, ndipo masiku ano akuoneka kuti atsala ochuluka kuposa pamenepo. Onse anaseka. Inenso ndinaseka, kwinaku ndikumatula pepala lija mwakachetechete.

Ndinamuimbira mdala wa ku Michigan uja ndili ndi mawu okonzakonza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandipempha kuti ndiwerengenso malonda aja mokweza. Ndinawerenga. Nditafika pa liwu lachitatu ndinadula foni ndekha.

Lolemba usiku ndinawaonetsa agogo aja chithunzi. Tsiku limenelo anali atanditchula dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Anachiyang'ana chithunzicho kamphindi, n'kufunsa kuti, "Nambala yake ikuyamba ndi 242?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa beseni. Ndinati agogo, miyezi yonseyi mwakhala mukundiuza za bampala ndi fungo la mipando, zimenezi osandiuza bwanji? Anati sunafunse.

Galaja ndilibe, ndipo chipale chinali pafupi. Mu Okutobala ndinaigulitsa madola 7,000 kwa mnyamata wina amene anabwera ndi bambo ake, tochi ndi maginito. Pa malondawo ndinalemba LeMans ndi zilembo zikuluzikulu. Ponenerera, mnyamatayo anatembenuka n'kumapita ngati zamunyansa, ndipo amene anamuthamangira mpaka pageti ndi ine.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mayi a kunyumba anali atawauza kale apongozi awo pa WhatsApp, mwachidule, kuti mwana wanu ndalama za denga wagulira mbuzi. Amayi anasangalala kwambiri. Anauza mudzi wonse kuti mwana wawo, ngakhale ali ku America, nzeru za makolo sanataye. Atandiimbira anafunsa kuti ndi zingati.

"Imodzi, amayi."

"Imodzi? Ndalama zonse zija? Kaya ndi zija zamkaka. Ndi yaikazi?"

Ndinawauza kuti inapezeka kuti ndi yodwala, ndiye ndaigulitsa moluza. Anakhala chete kanthawi, ndikumva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

"Iwenso nawe," anatero amayi. "Bwenzi utangoipha, ana akanadyako nyama."